Wotchi ya agogo inapita pa mtengo wosakwana thumba la feteleza

Msuweni wanga anagulitsa wotchi ya agogo athu aamuna pa K70,000. Ndinakhala miyezi inayi ndisakumulankhula. Sabata yathayi ndazindikira kuti ndimakwiyira munthu wolakwika, ndipo amene ndimayenera kumukwiyira ndi amene akulemba nkhani inoyu, pamodzi ndi ambiri a inu amene mukuwerenga.

Kwathu ndi ku Biriwiri. Amene mumayenda pa M1 kuchokera pa boma la Ntcheu kulowera ku Lizulu ndi ku Dedza mukupadziwa: ndi paja msewu umasanduka malire, mbali iyi Malawi, mbali inayo Mozambiki, ndipo minibasi ikangoima mumazingidwa ndi ndowa za kachewere ndi kabichi. Ndi malo a anthu odutsa. Amadutsa ogula mbewu, amadutsa osintha ndalama, ndipo nthawi zina amadutsa abambo ena ovala bwino amene safuna kachewere. Iwowa amalowa m'midzi kufunsa zinthu zakale: ndalama zachitsulo za nthawi ya atsamunda, simbi zamakala, nyale, mawotchi. Mmodzi wa iwo ndi amene anafika pakhomo pa agogo.

Wotchiyo inali yaing'ono, yakuda bii ngati yapsa ndi moto, ndipo inasiya kuyenda ine ndisanabadwe. Nkhope yake inali yoyera ngati mbale yadothi, manambala akuluakulu, 12 yekha ali wofiira. Lamba ankalowa pa timawaya tiwiri towotcherera m'mbali. Ukatsegula kumbuyo ndi chikhadabo unkaona tizizindikiro tating'onoting'ono, nambala 925, ndi chilembo chimodzi chili pachokha. Ndili mwana ndinkaitsegula kawirikawiri agogo aakazi akapita kudimba. Ndinkaona ngati chidole chakufa.

Lero ndikudziwa chimene ndinkagwira. Nambala 925 ikutanthauza kuti pa magawo 1,000 a chigoba cha wotchiyo, magawo 925 ndi siliva weniweni, otsalawo n'chitsulo china, kawirikawiri kopa, choti chilimbitse. Kuda kuja sikunali kuonongeka ayi. Siliva amada yekha akamakhudzana ndi mpweya ndi thukuta, ndipo kudako ndi umboni wina woti si chitsulo wamba chopakidwa zonyezimira. Kuyambira mu 1907, lamulo la ku Britain linkafuna kuti chigoba chilichonse cha wotchi cha siliva kapena golide chochokera kunja, makamaka ku Switzerland, chiyesedwe n'kudindidwa chisanagulitsidwe. Chidindo chimodzi chinkanena mzinda umene anayesera, china kampani imene inabweretsa katunduyo, ndipo chilembo chokhala pachokha chija chinkanena chaka. Ndiye kuti wotchi ya agogo inali ndi chitupa chake chobadwira, chodindidwa m'mimba mwake. Ine ndinachiyang'ana kambirimbiri osachiwerenga.

Mawotchi amtundu umenewu anatchuka pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Isanafike nthawi imeneyo mwamuna wolemekezeka ankayenda ndi wotchi ya m'thumba, ya pamkono inkaonedwa ngati chibangili cha amayi. Koma msilikali wogwira mfuti sangamapise m'thumba kuti adziwe mphindi yoti adzambatuke, choncho opanga mawotchi anayamba kuwotcherera timawaya pa timawotchi tating'ono kuti timangidwe pamkono. Zambiri zinali zasiliva chifukwa zitsulo zosachita dzimbiri zimene tazizolowera lerozi zinadzafala pa mawotchi cha m'ma 1930. Ngakhale kampani ya Rolex, imene Hans Wilsdorf ndi mlamu wake Alfred Davis anaiyambitsa ku London mu 1905, inagulitsa mawotchi ambiri asiliva pa zaka zake zoyambirira. N'chifukwa chake anthu osonkhanitsa mawotchi akale ku Ulaya ndi ku America amawafuna: ndiwo makolo a wotchi iliyonse ya pamkono imene ilipo lero. Lowani pa intaneti muone. Yopanda dzina lotchuka imagulitsidwa mapaundi mazana angapo, ya dzina lalikulu imakwera kufika masauzande.

Tsono apa ndi pamene anzanga ambiri amalumphira pa mfundo yolakwika. Ndikawafotokozera, amagwira pakamwa n'kunena kuti, “Eee, ndiye munataya dola!” Inde tinataya. Koma ndalama si chimene chikundisowetsa tulo.

Siliva wa mu chigoba cha wotchi ngati imeneyo ndi wochepa kwambiri, magalamu owerengeka. Mutamusungunula simungagule naye ngakhale njinga yakabaza. Osonkhanitsa mawotchi sagula chitsulo. Mu Okutobala 2017, ku okushoni ya kampani ya Phillips ku New York, wotchi ya Rolex Daytona imene ankavala katswiri wa mafilimu Paul Newman inagulidwa pa madola pafupifupi 17.8 miliyoni. Sinali ya golide, sinali ya siliva. Inali ya chitsulo wamba. Chimene anthu ankalimbirana chinali choti anampatsa ndi mkazi wake Joanne Woodward, kuti anaivala zaka zambiri, kuti pali zithunzi zoonetsa ili pamkono pake, kuti aliyense akudziwa manja amene inadutsamo mpaka kufika patebulo la okushoni. Ankagula nkhani. Pa msika umenewu wotchi yopanda mbiri ndi katundu, yokhala ndi mbiri ndi chuma.

Nanga nkhani ya wotchi yathu inali yotani?

Agogo anapita ku Halale cha m'ma 1950, paselefu, osadzera kwa Mthandizi kapena kwa Wenela. Anakapeza ntchito ya ukhukhi kwa mzungu wina ku Salisbury ndipo anaphika m'nyumba imodzimodziyo zaka 21. Anaphikira bwana, anaphikira ana a bwana mpaka anawo anakula n'kukwatira. Nkhondo ya ufulu itayamba kuvuta m'dzikomo, banjalo linaganiza zosamuka. Tsiku lotsanzikana, bwana uja anatulutsa kawotchi kakale m'kabati, n'kunena kuti inali ya bambo ake, anaivala ku nkhondo yoyamba ija, ndipo akuipereka chifukwa agogo anali ngati wachibale. Anawapatsanso malipiro a mwezi umodzi ndi ndalama ya sitima. Basi.

Ine ndinakula ndikuimva nkhaniyi ngati ya ulemu: agogo anali okhulupirika mpaka mzungu anawapatsa wotchi ya bambo ake. Nditapita kumudzi wotchi itagulitsidwa kale, ndinakadandaula kwa agogo aakazi kuti tataya mphatso ya mtengo wapatali. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Mphatso? Iwe mwana, imene ija inali penshoni ya agogo ako. Zaka zonse zija ine ndikulima ndekha kuno, anabwera ndi sutikesi, bulangete ndi kawotchi kaja. Ankakapukusa m'mawa uliwonse, koma sanakakonde.”

Sindinayankhe. Mawu amenewa sindinawamvepo m'moyo wanga wonse, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: sindinafunsepo.

Taganizani tsopano za ulendo wa wotchiyo. Inachoka pa Biriwiri, mwina inakafika ku Lilongwe, mwina ku Johannesburg, ndipo tsiku lina idzaonekera pa tsamba la ogulitsa zinthu zakale itapukutidwa bwino, ili ndi lamba watsopano wachikopa. Pansi pake adzalemba chaka, mzinda umene inadindidwa, ndi mawu okoma onena za msilikali wa Chingerezi m'maenje a nkhondo. Zaka zoposa 40 zimene inakhala m'nyumba ya Mngoni wa ku Ntcheu sizidzatchulidwa. Khukhi amene anaipukusa m'mawa uliwonse sadzatchulidwa. Mbiri yake idzalumpha kuchoka pa mkono wa mzungu wakale kufika pa mkono wa mzungu watsopano, ngati kuti pakatipa inali mtulo.

Apa ndili nawo mlandu okonda mawotchi akale aja, ndipo sindiubisa. Amadzitama kuti amalemekeza mbiri, koma mbiri imene amailipira ndi ya mtundu umodzi. Nkhondo yomweyo imene imakometsa mawotchi awo inamenyedwanso kuno. Makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya. Ku Karonga kunamenyedwa nkhondo mu Seputembala 1914. Wolemba mbiri Melvin Page amawerengera kuti amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko la Nyasaland anagwira ntchito ya utengatenga, kusenza katundu wa asilikali pamutu, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala ndi matenda. John Chilembwe analemba kalata yodandaula za kulowetsa Aafirika mu nkhondo imeneyi miyezi yochepa asanaukire mu Januwale 1915. Mkulu wa asilikali ankayang'ana wotchi yake yasiliva n'kulamula nthawi yonyamuka, wonyamula bokosi anali agogo a agogo athu. Wotchiyo lero ili mu kabati yagalasi ndipo nambala yake ikudziwika. Mtengatenga uja ngakhale manda ake sadziwika.

Koma ndisapitirire kuloza chala kutali, chifukwa ogula aja sangalipire nkhani imene sanapatsidwe. Ndani akanailemba nkhani ya agogo? Mzungu wa ku London? Msuweni wanga amene analekeza Fomu 2? Ine ndi amene banja lonse linasonkherana kuti ndipite ku yunivesite. Ndili ndi foni ya kamera. Ndajambula mbale za tchipisi, ndajambula nsapato zatsopano, ndadzijambula ndekha pakhomo la laibulale kangapo konse. Wotchi ya agogo ndilibe chithunzi chake ngakhale chimodzi. Ndalemba mapepala ofotokoza za kusamuka kwa anthu kum'mwera kwa Afirika, ndikutchula mabuku a azungu, pamene mtchona weniweni anandilera pakhonde ndipo mkazi wake akadali moyo, akungodikira wina amufunse.

Ndipo sindili ndekha. Ife ophunzira tili ndi matenda oona ngati mbiri imakhala ku National Archives ku Zomba kapena ku Chichiri Museum ku Blantyre, ndipo za m'sutikesi ya agogo ndi zinyalala zoyembekeza moto. Tikapita kumudzi pa holide timakhala pansi pa mtengo umene netiweki imagwira. Tikamaliza maphunziro, malipiro oyamba timagulira wotchi yonyezimira ya pamsika yolembedwa Rolex, ya batire, imene mtundu wake umasupuka mvula yoyamba, n'kukaionetsa pa ukwati. Timagula bodza la mbiri ya eni ake, yathu yeniyeni tikuipereka kwa munthu wodutsa pa mtengo wa nkhuku zingapo. (Inenso ndinali nayo imodzi yotero m'chaka choyamba. Inafa tisanalembe mayeso.)

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena mumtima, chifukwa msuweni wanga anandiuza pamaso. Nditapita kukamukalipira anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, “Asuweni, inu mumadya kusukulu. Ine chimanga chinali chitayamba chikasu. Wotchi yosayenda ndikanathira m'munda?” Ndinalibe poyankha, ndipo mpaka lero ndilibe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zonse inakwera, ndipo munthu amene ali ndi ana atatu ndi munda wanjala sungamuuze za kusunga chikhalidwe iwe utakhuta. Amene amanyoza anthu akumudzi kuti sadziwa kusamala zinthu zamakolo nthawi zambiri ndi anthu amene sanagonepo ndi njala.

Choncho sindikunena kuti kugulitsa ndi tchimo. Ndikunena kuti anagulitsa ali m'chimbulimbuli, ndipo amene akanamuunikira ndinali ine. Ife a ku Malawi nkhani imeneyi timaidziwa bwino kuchokera ku fodya: pa okushoni, amene amadziwa giledi ndi amene amatchula mtengo, mlimi amangoyang'ana. Wogula uja atafika anaitembenuza wotchiyo, anatsegula kumbuyo, anayang'ana tizizindikiro tija, kenako anati ndi chitsulo chakutha, akungoitenga chifukwa cha chisoni. Munthu wogula chitsulo chakutha satsegula kumbuyo. Iye anawerenga chitupa chija, msuweni wanga sanathe, ndipo kusiyana kwa mitengo yawo kunagona pamenepo. Akanandiimbira foni ndikanamuthandiza chiyani? Palibe. Nanenso nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti 925 ndi chiyani. Safunsa anadya phula, ndipo tinadya tonse awiri, wa digiri ndi wopanda digiri.

Wina anganene kuti ndikukuza nkhani ya kawotchi kamodzi, pakuti mawotchi ambiri a m'midzi mwathu si asiliva. N'zoona. Amene anabwera ndi matchona a ku Joni ambiri anali a Oris, Roamer, Rotary ndi ena otero, zigoba zake zopakidwa chabe, ndipo pa msika wa osonkhanitsa sangakulemeretseni. Musathamangire kumudzi kukaswa masutikesi poganiza kuti muli mamiliyoni. Koma m'sutikesi momwemo, pambali pa wotchi, mumakhala zinthu zina zimene timazitaya mofulumira kuposa wotchiyo: makhadi a Wenela ndi a Theba, nambala ya ntchito, mapepala a malipiro, kalata za kuchipatala cha ku mgodi.

Mapepala amenewa si zokumbukira chabe. Amalawi masauzande ambiri anagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku South Africa. Kamuzu anaimitsa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Ulendowo unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba mpaka unathera mu 1988. Ambiri anabwera ndi fumbi la miyala m'mapapo. Mu Julayi 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni randi zolipira anthu amene anadwala matenda a fumbi ndi chifuwa chachikulu m'migodi ya makampani asanu ndi imodzi, ndipo anakhazikitsa bungwe la Tshiamiso Trust kuti ligawe ndalamazo. Kuti munthu kapena wamasiye wake alandire, pamafunika umboni woti anagwiradi ntchito kumeneko. Umboniwo ndi timapepala tomwe tija timayatsira mbaula. Ndiye mukamati zakale zilibe ntchito, dziwani kuti pali amayi ena amasiye amene tsogolo lawo lagona pa kakhadi kothimbirira kamene mdzukulu wophunzira anakataya posesa m'nyumba.

Wotchi ndi khadi la Theba n'zapachibale. Zonse ziwiri ndi malisiti a thukuta limene dziko lino linagulitsa kunja kwa zaka pafupifupi 100. Wina analipidwa ndi matenda, wina ndi kawotchi. Ku Biriwiri kuno tinaonanso anthu othawa nkhondo ya ku Mozambiki m'ma 1980, mpaka mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992. Anafika atasenza zimene anatha kunyamula, ndipo zambiri anazisinthanitsa ndi ufa m'midzi yathu yomweyi. Zinthu zimenezo zikadalipo m'nyumba zina, mawailesi, makina osokera, mawotchi, ndipo eni nyumba achikulire amadziwa kuti ichi chinachokera kwa uje, anachisiya chaka chakuti. Achikulirewo akutha. Akatha, zinthuzo zidzasanduka zitsulo zenizeni, ndipo wogula wodutsa uja adzakhala akunena zoona.

Ngati kwanu kuli wotchi yakale, pali zinthu zingapo zimene ndikanakonda wina akanandiuza kale. Musaikweche ndi phulusa kapena mchenga kuti iwale. Siliva ndi wofewa, mufufuta zidindo zake, ndipo odziwa amakonda yakuda yosakhudzidwa kuposa yowala yokwechedwa. Musaikakamize kupukusa ngati yalimba, muthyola za m'kati. Ngati manambala ndi mivi yake ili ndi utoto wokhuthala wachikasu kapena wofiirira, musatsegule galasi ndipo musapatse ana kuti aziseweretsa: mawotchi ambiri a nthawi imeneyo ankapakidwa utoto wa radium kuti aziwala usiku, ndipo ngakhale kuwalako kunatha kalekale, poizoni wake amakhala zaka mazanamazana. Ine ndinkaseweretsa yathu ija osadziwa. Jambulani kutsogolo, kumbuyo ndi m'kati mwa chivindikiro, pafupi kwambiri kuti zilembo zioneke. Ndipo musanachite china chilichonse, khalani pansi ndi munthu wamkulu wa pakhomopo, tsegulani chojambulira mawu cha pa foni yanu, mufunse kuti chinthuchi chinabwera bwanji. Mukatero, ngakhale mutagulitsa mawa lake chifukwa cha fizi kapena feteleza, mugulitsa mukudziwa giledi, ndipo nkhani itsala m'nyumba.

Ine ndinachita zimenezi mochedwa. Ndinabwerera ku Biriwiri Loweruka lapitali, ndinagula shuga ndi buledi pamsewu, n'kukakhala pamkeka ndi agogo aakazi. Ndinawapempha kuti andiuze za ku Halale kuyambira pachiyambi. Anaseka, anati, “Lero wadwala chiyani?” Koma analankhula maola awiri ndi theka. Anandiuza za kalata zimene zinkabwera kawiri pachaka, zowerengedwa ndi mphunzitsi wa pasukulu chifukwa iwo sankatha. Anandiuza kuti agogo aamuna atabwerako sanaphikenso ngakhale tsiku limodzi, ngakhale tiyi, ndipo akaona munthu akuyala tebulo ankatuluka panja. Anandiuza kuti wotchi ija inaima chaka chimene amalume anga aakulu anamwalira, ndipo agogo anakana kupita nayo kwa wokonza pa boma.

Msuweni wanga anabwera pakati pa nkhaniyo, anakhala pa mpando wa njerwa osalankhula. Titamaliza anandiperekeza kumsewu. Tikudikira minibasi anati, “Asuweni, mu sutikesi muja mwatsala mapepala ena. Munthu uja anati abweranso mwezi wamawa, akufuna simbi ndi ndalama zakale zija.” Ndinamufunsa kuti mapepalawo alembedwa chiyani. Anati ndi Chingerezi, pali chidindo ndi chithunzi cha agogo ali mnyamata, atavala yunifolomu yoyera.

Ndamutumizira ndalama ya mayunitsi kuti ajambule tsamba lililonse. Zithunzi zitatu zafika kale, ziwiri n'zosaoneka bwino, ndamuuza ajambulenso panja dzuwa likatuluka.